Kamera M'mizere ya Tiyi ku Thyolo



Amene munayendapo pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje mukudziwa zimene zimachitika galimoto ikapitirira pa Bvumbwe n'kumayandikira pa Thyolo boma. Minda ya chimanga imatha, tiyi amayamba, ndipo anthu amasolola mafoni m'matumba. Ena amachita kuchonderera dalaivala kuti aime pang'ono. Zithunzi zake mumaziona pa WhatsApp ndi pa Facebook: chitunda chobiriwira kumbuyo, munthu pakati, manja m'chiuno. Zonse n'zofanana.

Lero tikambe za wachinyamata amene sakhutira ndi chithunzi chotero, amene wagwira kamera kuti aiphunzire ndithu, ndipo wasankha minda imeneyi kuti ikhale sukulu yake. Ine ndikuti wasankha bwino, koma osati pa chifukwa chimene iye akuganiza. Iye akuyesa kuti malo okongola amupatsa zithunzi zokongola. Chimene chimachitika n'chakuti kukongola kwa Thyolo kumamubisira zolakwa masiku oyambirira, aliyense n'kumamuyamikira, kenaka tsiku limene waloza kamera pa nkhope ya munthu, zonse zimene sanaphunzire zimaonekera poyera.

Tiyerekeze kuti ndi mtsikana. Mwina akuphunzira pa yunivesite ya MUST ku Ndata, imene inatsegulidwa mu 2014 m'boma lomweli, kapena wachokera ku sukulu ya atolankhani ya MIJ ku Blantyre. Kamera ndi yobwereka. M'kalasi anamuuza zinthu zitatu ndipo amazitchula osaphonya: kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala m'lenzi, nthawi imene shata imakhala yotsegula, ndi ISO, imene imanena kuti kamera imve kuwala msanga kapena pang'onopang'ono. Pa mayeso a papepala akhoza. Koma kudziwa kuti zinthu zitatuzi zimadalirana n'kosiyana ndi kuzisintha ndi zala, diso lili pa kamera, dzuwa likukwera, munthu amene ukumujambula akuyenda.

Phunziro loyamba limachokera kwa dzuwa, ndipo dzuwa la kwathu kuno silidikira. M'dzinja limatuluka cha m'ma 5 koloko, mu June cha m'ma 6. Kuwala kofewa kuja, kofiirira, kumene kumadutsa chammbali n'kuonetsa mzere uliwonse wa tiyi paokha, sikukwana ndi ola lomwe. Mtsikana wathu akanyamuka ku Limbe pa minibasi ya 7 koloko, amafika zitatha. Akapeza dzuwa lili pamutu, munda wonse waoneka ngati chinthu chimodzi chosalala, ndipo masamba akunyezimira moti pa chithunzi amatuluka otuwa. Tsamba la tiyi lili ndi khungu losalala lobweza kuwala kwa kuthambo. Ojambula odziwa amaika kagalasi kapadera kutsogolo kwa lenzi, kotchedwa polarizer, n'kukazunguza mpaka kunyezimirako kutazilala. Amene alibe kagalasiko, ndipo ambiri alibe, amangofunika kulawirira kapena kudikira madzulo.

Palinso nkhani ya phiri la Mulanje, limene aliyense amafuna kuti lioneke kumbuyo kwa chithunzi chake. Ukakhala ku Thyolo, phirilo lili chakum'mawa. Choncho m'mamawa ukaloza kamera kumeneko ndiye kuti ukuyang'anizana ndi dzuwa, ndipo phiri limatuluka ngati mthunzi chabe. Ukafuna matanthwe ake aoneke, dikira dzuwa lipendeke, liliwalire kuchokera kumbuyo kwako. Ndipo mu September ndi October, utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zikadzaza mlengalenga, phiri lonse lija la mamita 3,002 pa Sapitwa limatha kusowa osaoneka. Limayera bwino mvula ikangokata. Zimenezi palibe buku la kunja limene lingamuuze. Amaziphunzira pobwerera pamalo amodzimodzi nthawi zosiyanasiyana, mpaka atayamba kudziwiratu kuti kuwala kugwera pati.

Tsopano tifike pamene pamavuta. M'mundamo muli anthu. Amayi ndi abambo atabereka madengu kumsana, akutchola masamba awiri ndi kansonga pamwamba pa zitsamba zodulidwa mofanana kulekeza m'chiuno. Wophunzira aloza kamera, adina, ayang'ana kumbuyo kwa kamera: thambo latuluka bwino, tiyi watuluka bwino, koma nkhope ya mayi uja ndi bii, sikuoneka maso kapena pakamwa.

Vuto si khungu la mayiwo. Kamera ikasiyidwa kuti iganize yokha, imaphatikiza kuwala konse kumene ikuona n'kufunafuna pakatikati. Thambo likachuluka m'chithunzi, iyo imaganiza kuti kwawala kwambiri, ndiye imachepetsa, ndipo woyamba kumira mumdima ndi munthu wakhungu lakuda amene wavala chipewa kapena duku dzuwa lili pamutu. Nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankachuna makina awo potengera khadi la kampani ya Kodak lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lodziwika kuti Shirley. Zida zinkayezedwa pa khungu loyera, ndipo enafe tinkangotsatira. Makamera a lero ndi abwinoko, komabe wojambula wa ku Malawi amene sadziwa kuyeza kuwala pa nkhope ya munthu wakuda sanayambe ntchito.

Mankhwala ake ndi apafupi, koma amafuna kuyeserera. Yeza kuwala pa nkhope yeniyeniyo, osati pa munda wonse. Onjezerako kuwala pang'ono, ngakhale thambo lituwe. Sendera kuti kuwala kubwere chammbali. Chepetsa thambo m'chithunzi, kapena gwada kuti uone nkhope imene yaweramira pa tiyi. Pogwadapo wophunzira apezanso chodabwitsa china: masamba amabweza kuwala kobiriwira pachibwano ndi m'masaya, munthu n'kuoneka ngati wodwala. Diso lathu limakonza zimenezi ife osadziwa, koma kamera imalemba zimene yapeza. Kansalu koyera kapena pepala lalikulu loyera, mnzako atagwirizira chapansi, zimathandiza. Ngakhale amene akujambula ndi foni angathe: agunde ndi chala pa nkhope ya munthuyo pa sikirini, kenaka akweze kapena kutsitsa kachizindikiro ka dzuwa kaja. Asanatero apukute kaye kagalasi ka foniyo, chifukwa zithunzi zambiri zimene timati foni ndi yachabechabe zimawonongedwa ndi mafuta a zala zathu.

Nanga manja? Manja a wotchola tiyi wozolowera amathamanga moti shata ya 1/60 imangotulutsa chimbuuzi. Kuti zala ziime nji pa tsamba, pamafunika 1/500 kapena kuposerapo. Koma shata ikafulumira choncho, kuwala kolowa kumachepa, ndiye uyenera kutsegula kabowo kufika mwina pa f/4, ndipo ukatero zinthu zooneka bwino zimangokhala za pamtunda umodzi: zala zikaoneka, nkhope imazilala. Apa wophunzira ayenera kusankha. Akufuna tione chiyani, manja kapena maso? Ndipo mwina chimbuuzi chija sicholakwika. Nkhope itaima, manja okha atasanduka mphepo, chithunzicho chimanena zoona za liwiro la ntchitoyi kuposa china chimene chilichonse chaima chilili. Kusankha kotere ndi kumene m'kalasi sangakuchitire. Wotchola tiyi watsopano nayenso salandira buku. Amaima pafupi ndi wakale, amathyola masamba okhwima, kapitawo amamubweza, mpaka tsiku lina zala zimayamba kusankha zokha iye akucheza ndi mnzake. Kamera imalowa m'manja mwa njira yomweyo.

Za chiperoni ndinene mwachidule. Kuyambira May mpaka August, nkhungu ndi mvula yowaza zikakuta zitunda, ambiri amabweza kamera m'chikwama. Amalakwitsa. Nkhungu imafewetsa kuwala, mithunzi yoipa ya pansi pa maso imatha, ndipo mitengo ya bulugamu imaima motsatizana, wapafupi wakuda, wakutali wotuwa. Ingokumbukira kuti kamera idzayesa kudetsa nkhunguyo, ndiye uiwonjezere kuwala. Ndipo ukafika kunyumba usatsekere kamera yonyowa m'chikwama. Chinyezi cha ku Thyolo chimameretsa nguwi m'kati mwa lenzi, ndipo ikazika mizu pa galasi, lenziyo yapita. Timatumba tija toyamwa chinyezi topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano musamatitaye.

Omvera athu, zonse ndanenazi ndi za kuwala ndi makina. Koma munda wa tiyi si tchire. Uli ndi eni ake, alonda ake, ndi mbiri yake yolemera. Tiyi wamalonda anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891, n'kufika ku Thyolo cha mu 1908. Maclean Kay wa ku Scotland anayambitsa Satemwa mu 1923. Dzina la Conforzi linachokera kwa mwini wake woyamba wa ku Italy. Palinso Makandi, Naming'omba, Nchima ndi ena. Makolo a anthu ambiri a m'bomali, makamaka Alhomwe amene anaoloka kuchokera ku Mozambique, anakhala pa malo a azungu pansi pa thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo. Mu 1953 kuno kunabuka zipolowe zimene muzu wake unali malo ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mpaka lero nkhani ya kuchepa kwa malo ku Thyolo siinazizire. Wophunzira amene akungoona kubiriwira, osaona midzi yothinana m'mphepete mwa minda ndi timinda ta chimanga tokwera m'zitunda, akujambula theka la Thyolo.

Ndiye asanatulutse kamera, apite ku ofesi akapemphe chilolezo. Akafika kumunda, apereke moni kwa a kapitawo. Ndipo chilolezo cha ofesi si chilolezo cha mayi amene akutchola. Ameneyo amufikire payekha: "Mwadzuka bwanji, mayi? Ine ndine mwana wasukulu, ndikuphunzira kujambula. Kodi mungandilole ndikujambuleni mukugwira ntchito?" Akayankha kuti, "Iyayi mwanawe, lero sindinavale bwino," nkhani yathera pomwepo. Ena adzafunsa kuti, "Zithunzizo mukupita nazo kuti?" Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo liyenera kuyankhidwa moona. Anthu a kuno aona alendo ambiri akubwera ndi makamera, ndipo amadziwa kuti nkhope zawo zimakathera pa makalendala ndi pa mapaketi iwo osaonako kanthu.

Pali chinthu chinanso chimene mwana wa m'tauni amaiwala. Masamba aja amakayezedwa pa sikelo, ndipo kulemera kwa dengu kumakhudza malipiro. Ukamuimitsa munthu kuti, "Tayang'anani kuno, tamwetulirani, tabwerezaninso," ukumudyera nthawi imene ndi ndalama yake. Wojambula waulemu amasintha zonse za pa kamera asanayandikire, amayeserera pa mnzake kapena pa dzanja lake lomwe, kenaka amatsatira mzere mwakachetechete osadodometsa ntchito. Apa mpamene ndimaona kuti luso ndi ulemu si maphunziro awiri. Amene zala zake sizinazolowere kamera ndi amene amachedwetsa anthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'munda wa tiyi kudekhako kumatanthauza kukhala nawo mpaka ataiwala kuti uli ndi kamera. Kumwetulira kwa pa kalendala kukatha mpamene nkhope yeniyeni imabwera: kutopa, nthabwala, kuyang'anitsitsa singano ya sikelo.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira za nkhope? Pitani ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, kapena tsegulani mabuku akale a nthawi ya atsamunda. M'zithunzi zambiri za nthawi imeneyo mzungu ali ndi dzina, pamene anthu akuda ndi gulu chabe la antchito. Kamera inafika kuno kalekale. John Kirk ankajambula kale pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi ndi Shire umene unayamba mu 1858. Koma zinthu zinasintha pamene Mmalawi anaima kumbuyo kwa kamera. Mungo Murray Chisuse, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa Blantyre Mission, ndi mmodzi mwa ojambula oyambirira achikuda m'dziko muno, ndipo anajambula John Chilembwe ndi banja lake. Anthu a m'zithunzi zake anavala zimene anasankha okha, anakhala mmene anafunira kuti dziko liwaone. Ndipo taonani ulendo umene chithunzi chimodzi chingayende. Chithunzi cha 1914 cha Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuchivula pamaso pa mzungu, ndi chimene Samson Kambalu anatengera popanga chiboliboli chake chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu September 2022. Mbombwe, kumene kunali mishoni ya Chilembwe, ndi ku Chiradzulu, boma loyandikana ndi Thyolo.

Tibwerere kwa mtsikana wathu. Wabwerako kumunda ndi zithunzi mazanamazana pa kadi. Apa pali msampha wa makamera a masiku ano: kudina n'kwaulere, ndiye munthu amangodina, kuyembekeza kuti chimodzi chituluka mwamwayi. Achikulire mukukumbukira ajambuli a pa njinga aja, amene ankayenda m'midzi ndi m'makomboni a m'maesiteti Loweruka ndi Lamlungu, kamera ili pakhosi. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36 basi. Ankapita kukatsukitsa m'tauni, ndipo chithunzi chikapsa kapena mutu ukaduka, mwini wake ankakana kulipira. Anthu aja sanapite ku koleji, koma ankadziwa kuwala, poti cholakwa chilichonse chinkawatulutsa ndalama m'thumba. Ndikanakhala mphunzitsi wa mtsikanayu, ndikanamulamula kuti tsiku lina apite ndi lenzi imodzi, asagwiritse zumu, ndipo asapyole zithunzi 36. Akafuna chinthu chioneke chachikulu, ayende ndi miyendo.

Kenaka pamabwera gawo limene ambiri amalithawa, lomwe ndi kukhala pansi ndi munthu wodziwa n'kuona zithunzizo chimodzichimodzi. Anzako a pa Facebook adzakuuza kuti zonse ndi zabwino. Wojambula wakale adzakufunsa kuti mtengo uwu ukumera pamutu pa bamboyu chifukwa chiyani, dengu ili walidula bwanji pakati, unaima kuti, nanga ukanasendera kumanzere masitepe awiri chikanachitika n'chiyani. Kamera imasunga manambala a chithunzi chilichonse, shata, kabowo ndi ISO, choncho cholakwa chilichonse chili ndi umboni wake. Akatswiri ambiri a mu Africa muno anadutsa njira imeneyi. Malick Sidibé wa ku Mali analowa mu situdiyo ya Mfalansa Gérard Guillat ku Bamako mu 1955 ngati wothandizira, ndipo mu 2007 analandira mphotho ya Golden Lion ku Venice. Peter Magubane wa ku South Africa analowa ku magazini ya Drum ngati dalaivala ndi mesenjala, n'kuphunzira poonera ojambula a pamenepo, mpaka anafika pobisa kamera m'buledi kuti ajambule zimene apolisi a tsankho sankafuna kuti zioneke. Ku Johannesburg, David Goldblatt anayambitsa Market Photo Workshop mu 1989 kuti achinyamata aziphunzira pojambula ndi podzudzulana. Kwathu kuno kuli bungwe la ojambula la PHOTAMA, ndipo ndikanakonda ojambula akuluakulu akanamatenga achinyamata kupita nawo kumunda, osangoti kukawanyamulitsa zikwama pa ukwati.

Ulendo umodzi sukwanira. Chaka cha tiyi chili ndi nkhope zambiri. Kuyambira December mpaka April masamba amaphuka mothamanga, anthu amachuluka m'mizere, mathirakitala amapikisana ndi nthawi kupititsa masamba ku fakitale asanafote. M'chilimwe zitsamba zina zimadulidwa n'kutsala zitsa zotuwa, ntchito imachepa, aganyu ambiri amabwerera kumudzi. Kuli nkhuni za bulugamu zoyatsira moto ku fakitale, kuli minda ya makadamiya, kuli alimi ang'onoang'ono amene amalima tiyi pa timinda tawo n'kukagulitsa masamba ku mafakitale a maesiteti. Kuli msika wa tiyi ku Limbe kumene mtengo wake umagamulidwa. Wophunzira amene watsatira tsamba kuchoka pa chitsamba mpaka pa paketi amakhala ataphunzira kujambula padzuwa, mumthunzi, m'nyumba ya mdima momwe ISO iyenera kukwera, ndiponso pakati pa anthu otanganidwa amene alibe nthawi yomudikira.

Chotsala ndi ngongole. Ngati mayi uja anavomera, ndiye chithunzi chake chitsukidwe papepala, chibwerere kwa iye m'manja. Kumuonetsa kumbuyo kwa kamera n'kuchoka sikukwanira, ndipo kulonjeza kuti mudzatumiza pa WhatsApp kwa munthu amene foni yake ndi ya mabatani n'kumunamiza. M'kope la wophunzira mulembedwe dzina la munthuyo ngati walola, malo, ndi tsiku, kuti zaka makumi asanu zikubwerazi mdzukulu wake asadzapeze agogo ake atangolembedwa kuti wantchito. Za umwini, lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi ngati mmene limatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo bungwe la COSOMA lilipo pa nkhani zotere. Kampani kapena bungwe likakonda chithunzi cha mtsikana wathu n'kufuna kuchiika pa chikwangwani, asachipereke ndi mawu apakamwa chabe kapena posinthana ndi lonjezo loti dzina lake lidziwika. Alemberane. Ndipo asanasaine, akwerenso minibasi, atsike pa Thyolo, akawapeze mayi aja n'kuwafunsa ngati akulola kuti nkhope yawo ikaime pa msewu waukulu ku Blantyre, chifukwa tsiku lija anavomera mwana wasukulu woyeserera, osati wotsatsa malonda.